Dzina la Amalume mu Kompyuta ya Alamu

Amalume anamwalira mvula itangotha, madzi a m'Luangwa asanayambe kuphwa. Moyo wawo wonse ankaolotsa anthu pa bwato, pa doko lina kumunsi kwa Chinzombo, mpaka dokolo linayamba kutchedwa ndi dzina lawo. Ngakhale madalaivala a m'makampu a alendo, amene sanawaonepo nkhope, ankapangana kuti akumane pa doko la auje, n'kutchula amalume ngati akutchula phiri.

Kwathu dzina la munthu wotere silikwiriridwa naye. Amalowa ndi mwana wa mlongo wake. Mayi anga ndiwo anali mlongo wamkulu wa malemuwo, ine mwana wawo wamwamuna ndekha, choncho dzinalo linkadikira ine. Podikirapo, bwato analikokera pansi pa mvunguti, nkhafi n'kuisomeka kudenga kwa mayi. Panalibe wololedwa kukwera bwatolo kapena kugwira nkhafiyo kufikira tsiku la mowa, pamene mayi adzaitane dzinalo pamaso pa abale, wolowayo n'kuyankha.

Sikuti abale onse ankandifuna. Sukulu ndinasiyira giredi seveni, ntchito yanga inali yonyamula zikwama za alendo pa eyapoti ya Mfuwe, ndipo ndinkadziwika ndi mtima wapachala. Amalume anali munthu woti mvuu ikavuuka pafupi ndi bwato ankangopitiriza nkhani imene akukamba. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa mayi, anali ndi mwana wawo wamwamuna wofatsa, wowerenga mawu kutchalitchi, ndipo ankakonda kunena kuti dzina lozizira saliika mu mphika wowira. Ankanena akuseka, koma ankanena kawirikawiri.

Uku kunali kumapeto kwa ma 90. Alamu anga, amuna a mlongo wanga wamkulu, anali munthu wa kumtunda, wa ku Chipata, amene anadzakwatira kwathu. Ankagwira ntchito mu kaofesi ka kampu ina ya alendo pafupi ndi eyapoti, kulandira mauthenga a anthu ofuna malo ogona. Mu kaofesimo munali kompyuta yolumikizidwa ku telefoni, ndipo ndege zikachedwa ndinkakakhala pakhomo pake kuthawa dzuwa. Ine ndi alamu tinkanyozana monga amachitira alamu. Iwo ankanditcha bwana wa zikwama, ine ndinkawatcha mlembi wopanda munda.

Ndi pakhomo pomwepo pamene anandifotokozera za mayina awo. Ankati pa intaneti munthu akafuna malo amalemba dzina, ndipo dzina lililonse lili ngati khomo. Woyamba kulilembetsa ndiye mwini khomolo. Iwo anali atalembetsa angapo mothandizidwa ndi mwini kampu: la kampuyo, la mbalame za m'chigwa, la maulendo oyenda pansi m'thengo, la kukacheza m'midzi. Maganizo awo anali oti dzina lililonse lidzakhale ndi tsamba lakelake, zithunzi zake ndi mawu ake, masambawo n'kumalozerana. Wofuna mbalame adzapeze mbalame, pansi pake aone njira yopita ku tsamba la midzi, kuchoka apo akafike ku kampu.

"Nanga masambawo ali kuti?" ndinawafunsa.

"Lamangidwa limodzi, la kampu. Khasu ndi limodzi, mlamu, minda ndi yambiri. Umayamba ndi waukulu. Enawo ndawatchinga ngati biyo. Iwe mwana wa asodzi ukudziwa: mpanda umadula mtsinje wonse, koma mono umakhala pamalo amodzi. Nsomba igunde mpanda paliponse, itsetsereka mpaka ilowe mu mono. Munthu alembe dzina lililonse mwa amenewa, akafikira ku kampu."

Ndinaona kuti n'zanzeru. Chimene sanandiuze n'chakuti panali dzina lina lachisanu.

Anaulula ndi mlongo wanga, osadziwa kuti akuyatsa moto. Pa mjigo anadzitama kwa anzake kuti amuna ake agula mayina kwa azungu, ngakhale la doko lathu. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti mkamwini wagula dzina la malemu. M'mawa mwake mayi anandiitana. Ndinawapeza akuyanika chimera cha mowa wa dzinalo pa mphasa.

"Wamva za alamu ako?" anatero osandiyang'ana.

"Ndamva zokambakamba."

"Dzina lagulidwa. Tsono ine ndikadzaitana pa tsiku la mowa, adzayankhe ndani? Iwe kapena wogulayo?"

"Mayi, n'za m'makina chabe."

"Iwe umakhala pakhomo pa makinawo. Abale akuti unalipo pogulitsa." Anasalaza chimera ndi dzanja. "Sindingaitane dzina lokhala m'thumba mwa munthu wina. Chimerachi chikauma tifulula. Ukhale utakonza, apo ayi abale aona chochita."

Chochitacho ndinkachidziwa. Chinali ndi malaya osita ndipo chinkawerenga mawu kutchalitchi.

Mayi sakanatha kuwafunsa okha alamu. Kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anizana, sakhala m'chipinda chimodzi, ndipo akakumana pa njira mmodzi amapatukira kutchire. Mawu awo amayenda kudzera mwa munthu wina. Munthuyo anali ine, ndipo ndinapalasa njinga kupita ku eyapoti mutu ukutentha kuposa dzuwa.

"Mwaswera bwanji, bwana wa zikwama?" anatero alamu nditalowa.

"Lembani dzina la amalume pamenepo."

Anandiyang'ana, kumwetulira n'kutha. Anayamba kunena kuti akhala akufuna kundiuza, koma ndinabwereza mawu omwewo. Analumikiza telefoni, makina n'kulira ngati akupala chitini. Analemba dzinalo, zilembo zonse za amalume, tinadikira. Chithunzi chinayamba kutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, mzere ndi mzere. Thambo. Denga laudzu. Kenako madzi obiriwira a dziwe losambiramo alendo, ndi miyendo ya mzimayi wachizungu atagona pa mpando, tambula m'manja.

Munthu waitana amalume, ayankha ndi miyendo.

Sindikudziwa kuti ndinadutsa bwanji tebulo. Ndinangoona kuti ndawagwira pakolala, batani la malaya likugubuduka pansi, mpando wagwa. Alamu sanalimbane nane. Anakweza manja m'mwamba.

"Menya, mlamu," anatero mawu akutuluka movutikira. "Ukandimenya ukhala wapereka dzinalo kwa mwana wa amayi aang'ono ndi manja ako omwe. Sadzafunanso chifukwa china."

Ndinawasiya. Manja ndinawabisa m'matumba.

Atakhala pansi anandiuza kuti dzina la pa intaneti saligula ngati mbuzi. Amalilembetsa, chaka chikatha n'kulembetsanso, ukasiya limabwerera poyera. Anati alendo ambiri ankafunsa za dokolo m'mauthenga awo, ndipo anaopa kuti wina wakunja wogulitsa maulendo alitola.

"Ndikalitaya lero, mawa lili ndi munthu wa kutsidya la nyanja, wosadziwa ngakhale kumene Luangwa amalowera. Ameneyo ukamugwira kolala iti?"

"Ndiye mwaliika pa dziwe la azungu."

"Ndalikhazika poyembekezera. Tsamba lake ndinaliganizira kale, ndipo ndi lokongola kuposa onse. Iwe uli m'bwato, nkhafi m'manja, mtsinje kumbuyo. Pansi tilembe mbiri ya dokolo, kenako njira yopita ku kampu. Tiye tikajambule mawa, dziwelo lichoka."

Ndinabwerera kumudzi ndikuganiza kuti nkhani yatha. Mayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anayang'ana kudenga kumene kunali nkhafi.

"Ugwire nkhafi usanalowe dzina?"

"Kungojambula chabe, mayi."

"Ukwere bwato la malemu, dziko lonse likuone, mowa usanaphikidwe? Ndiye tidzaitaniranji abale?"

Apa m'pamene ndinaona msampha wake. Dziwe silingachoke popanda chithunzi changa m'bwato. M'bwato sindingakwere ndisanalowe dzina. Dzina sindingalowe likuyankhidwa ndi dziwe. Ndinamenya chidebe chimene chinali pafupi, chinakagwera m'nkhuku. Mayi anadikira kuti nkhuku zikhale chete.

"Ndi zimenezo akunena amayi ako aang'ono," anatero. Kenako anawonjeza, ngati akulankhula okha: "Dzinalo lili pa maliro. Woliitana panopa sayenera kuyankhidwa ndi aliyense."

Ndinatola chidebe n'kupita kudoko. Bwato linali pomwe analisiya, chakumaso kwake kuli pa mchenga, mkati mutadzaza masamba ouma. Zipatso za mvunguti zinali lendelende pamwamba pake. Kutsidya mvuu zinkapuma, ndipo pa mchenga panali mapazi a anthu amene anafika, n'kupeza palibe woolotsa, n'kubwerera. Ndinakhala pa muzu nthawi yaitali mawu a mayi akuzungulira m'mutu. Kenako ndinaona kuti chimene ananenacho chili patsogolo panga.

Nditawauza alamu kuti pa tsambalo tiike bwato lokha, anakana poyamba.

"Bwato lopanda munthu? Lopanda mawu, lopanda njira yopita ku kampu? Umenewo ndi mono wobooka kumbuyo, mlamu. Mlendo alowa, aona bwato, atuluka. Ndapindulanji?"

"Mwapindula kuti mudzadyabe kwa apongozi anu."

"Tiikeko kamzere kamodzi pansi, kakang'ono, kolozera ku kampu."

"Kamzereko ndi kuyankha. Asayankhe aliyense."

Anapukusa mutu, akuti ndikuwononga biyo yonse chifukwa cha mtengo umodzi. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri kuti asapite kwina. Ndinawauza kuti mayina enawo achite nawo zimene akufuna, awalozetse ku dziwe, kubafa, kulikonse. Ili lokha likhale chete kufikira mowa. Anandiyang'ana manjawo, kenako anatsegula kabati n'kutulutsa kamera.

Tinajambula bwatolo osalikhudza, masamba ali momwemo. Koma filimu inkatsukidwa ku Chipata, ndipo telefoni ya ku Mfuwe inkatha kulandira zithunzi koma potumiza inkaduka. Alamu anayenera kupita okha kukazitsuka, kuzilowetsa mu kompyuta ya mnzawo ndi kuzitumiza ali kumeneko. Anakwera lole ya kampu yokatenga ndiwo zamasamba. Ine ndinatsala ndi kudikira, ntchito imene sindinaidziwepo.

Chimera chinauma, chinasinjidwa, migolo inatsukidwa. Abale anayamba kufika. Mitambo inkaunjikana masana kumapiri, ndipo aliyense ankadziwa kuti mvula ikagwa msewu wa ku Chipata umasanduka phala. Amayi aang'ono anafika ndi mwana wawo uja, malaya osita, moni wogwira pachigongono. Iyeyo sanandilakwire chilichonse, n'chifukwa chake ndinkalephera kumuyang'ana. Amake ndiwo ankagwira ntchito.

"Muli bwanji, bambo a eyapoti?" ankatero ndikamadutsa ndi nkhuni. "Alamu anu sanabwere? Kapena apita kukagulitsa ena? Langa musaliiwale, n'lalifupi, silingavute kunyamula."

Akazi a pamoto ankaseka. Ine ndinkapita kuseri kwa nkhokwe kukawaza chitsa chimene sichinkafunika kuwazidwa.

Alamu anabwera mowa utayamba kale kuwira m'migolo. Anatuma mlongo wanga kudzanena kuti zatheka. Mayi anati mawu a mkamwini awamva, koma maso ndi awo, akufuna akaone okha. Amayi aang'ono anati nawonso apita, pakhale mboni.

Tinafika ku ofesi dzuwa lili pamutu. Alamu atationa patali anatuluka, n'kukaima panja pa windo atafulatira khoma, kuti apongozi awo alowe. Apa ndinazindikira chimene palibe anachiganizira: mwini makina sangakhale m'chipindamo. Woyendetsa kompyuta ndinali ine, amene ndinali ndisanaikhudzepo.

Mayi anakana mpando, anakhala pansi pa simenti atatambalala, chitenje chawo chatsopano chitafunda mapewa. Amayi aang'ono anaima kumbuyo kwanga, mpweya wawo ukundifika m'khosi.

"Gwira kambewako, mlamu," anatero alamu pa windo, akulankhula ndi mtengo umene unali patsogolo pawo. "Yendetsa mpaka kamuvi kafike pa chithunzi cha telefoni. Dina kawiri."

Kamuviko kankathawa. Ndikakankhira kumanja kankapitirira, ndikabweza kankasowa pakona. Thukuta linkagwera pa tebulo. Nditakagwira, makina analira kulira kwawo kuja, n'kuduka. Ndinayambanso. Anadukanso.

"Akukana," anatero amayi aang'ono. "Makina amadziwa mwini wake."

Kachitatu anagwira. Ndinalemba dzina la amalume ndi chala chimodzi, ndikusakasaka chilembo chilichonse, alamu akundikumbutsa timadontho toika kutsogolo ndi kumapeto. Ndinadina. Chithunzi chinabwera msanga kuposa tsiku lija, chonse nthawi imodzi. Thambo, denga laudzu, madzi obiriwira, miyendo.

M'chipindamo munangomveka fani.

"Achimwene athu ndi amenewa?" anafunsa amayi aang'ono mofatsa. "Koma ayera kumandako."

Mayi anadzuka. Anangokonza chitenje n'kuyang'ana kukhomo. Ine ndinaona dzanja langa litagwira kale mwendo wa mpando wachitsulo. Galasi la kompyuta linali pafupi, ndipo ndinkadziwa kulira kumene likanalira.

"Chabwera n'chiyani?" anafunsa alamu panja. Sankatha kuona.

"Dziwe lanu," ndinatero. Mawuwo anatuluka ngati si anga.

"Usakhudze kanthu. Kompyuta ikukumbukira zakale, sinapite kukafunsa. Pamwamba pali kamuvi kopindika. Dina pamenepo."

Mayi anali atafika kale pakhomo. Ndipo alamu anachita chinthu chimene mpaka lero sindidziwa ngati anachiganizira kapena miyendo inangowatengera. Anachoka pa windo n'kukaima pakhomo penipeni, panja, atafulatira, chipewa chili m'manja. Mayi anaima chilili. Kutuluka kunali kukhudzana ndi mkamwini, kumuuza kuti apatuke kunali kulankhula naye. Anabwerera pang'ono n'kuyang'ana khoma.

Ndinasiya mpando. Kamuvi kankavina pagalasi. Ndinagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, ndinalondola pang'onopang'ono ngati ndikulowetsa bwato pakati pa mvuu, mpaka ndinafika pa kopindikako. Ndinadina. Dziwe linazimiririka, galasi linayera, ndipo linakhala loyera nthawi yoti munthu akanatha kumwa madzi n'kupumula. Amayi aang'ono anayamba kutsokomola kwa munthu wofuna kulankhula.

Kenako pamwamba panabwera mzere wakuda. Masamba. Chipatso cha mvunguti, china pambali pake. Mizere inkatsika ngati madzi akuphwa pa mchenga. Kutsidya kwa mtsinje, madzi ofiirira, ndipo pomaliza bwato, chakumaso kwake kuli pa mchenga, masamba ouma mkati. Pamwamba panali dzina la amalume. Pansi panalibe chilichonse.

Mayi anayandikira. Anawerama mpaka nkhope inatsala pang'ono kukhudza galasi, anayang'ana m'bwatomo kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ngati akufuna wina wobisalamo. Ndiyeno anaitana mlongo wawo, malemuwo. Sanaitane mokweza. Anaitana monga ankachitira madzulo ali pamtunda, akufuna kuti abwere kudzadya, akukoka chilembo chomaliza.

Tonse tinadikira, ngakhale amayi aang'ono. Fani inkazungulira. Panja ndege ina inkatera.

Mayi anaweramuka.

"Tiyeni, mowa ungapse ife kulibe," anatero. Kenako, akuyang'ana kudenga: "Muwauze eni ofesi kuti taona. Atipatse njira."

Alamu anamva okha, anapatuka mpaka kuseri kwa nyumba.

Pa tsiku la mowa anandikhazika pa mphasa pakati pa bwalo. Mayi anatsitsa nkhafi kudenga, anaipukuta mwaye, anaitana dzinalo monga anaitanira mu ofesi muja. Ndinayankha kuti ndili pano. Mwana wa amayi aang'ono ndiye anali woyamba kudzandigwira dzanja, ndipo amake anabwera pambuyo pake atagwada, chifukwa tsopano ndinali achimwene awo.

Panalinso wina amene zinthu zinamutembenukira. Polowa dzina la amalume ndinakhala malume wa mlongo wanga, ndipo alamu anakhala mkamwini wanga. Za bwana wa zikwama zinathera pomwepo. M'mawa wina ndikuchotsa masamba m'bwato ndinawaona akutsika kudoko, kamera ili pakhosi. Anaima patali, anavula chipewa, anaomba m'manja. Malaya anali omwe aja, batani lina losiyana ndi anzake.

"Amalume," anatero, "ndabwera kudzapempha. Tsamba lija likadali chete. Ngati mungalole, tijambule mwini wake, ndi kamzere kaja pansi."

Ndinapitiriza kuchotsa masamba m'bwato. Ndinawasiya aime padzuwa mpaka ndinamaliza, kenako ndinawauza kuti kamzereko kakhale kakang'ono, ndipo ngati akufuna mtsinje uoneke bwino kumbuyo, akwere ndiwaolotse, akajambulire kutsidya. Munthu wa kumtunda uja anayang'ana mvuu, anayang'ana ine, n'kuyamba kuvula nsapato.